Mawu a Chingerezi akuti "rattle": kumene anachokera ndi chimene chimamanga matanthauzo ake pamodzi

Funso

Ndine mphunzitsi wa Chingerezi pasukulu ina ya sekondale yoyendera. M'teremu yathayi ophunzira anga a Fomu 3 anakumana ndi mawu akuti "rattle" kanayi, ndipo paliponse ankaoneka ngati akunena chinthu china. M'buku lowerenga anali dzina la choseweretsa cha mwana wakhanda. Wolengeza mpira pa wailesi ya kanema anati goloboyi anali "rattled". M'nkhani ina munali mtsikana amene "rattled off the answers", ndipo nyuzipepala, polemba za mayiko awiri oopsezana nkhondo, inati zimenezo ndi "sabre-rattling". Kodi awa ndi mawu amodzi, kapena ndi mawu angapo amene anangofanana kalembedwe? Wophunzira wina akuti anachokera ku "rat", khoswe, chifukwa makoswe amasokosa kudenga. Ndiwauze chiyani?

Yankho

Aphunzitsi, ophunzira anu muwauze kuti mawuwa ndi amodzi, kuti sanachokere kwa khoswe, ndiponso kuti matanthauzo anayi amene akumana nawowo, pamodzi ndi ena amene adzakumane nawo m'tsogolo, anaphuka pa chinthu chimodzi chimene munthu angathe kuchigwira m'manja. Tengani bokosi la machesi lomwe latsala ndi timitengo tochepa, muligwedeze pafupi ndi khutu. Kaphokoso kamene mumveko ndiko Mngerezi amakatcha "rattle". N'kakafupi, n'kouma, sikakokera ngati kulira kwa belu, ndipo kamabwera motsatizana mwaliwiro moti simungawerenge kugunda kwake. Chofunika kuposa zonsezi ndi chimene chikuchititsa phokosolo, chomwe ndi chakuti timitengoto tili ndi malo ogwederamo. Bokosi lodzaza bwino, limene timitengo take tapanikizana, silimveka kwenikweni ngakhale mutaligwedeza mwamphamvu. Mfundo ya kugwedera imeneyi, ya chinthu chosamangika chimene chikugunda mobwerezabwereza pa chinzake cholimba, ndiyo ndikufuna muigwiritsitse, pakuti wophunzira amene waimvetsa safunikanso kuloweza mndandanda wa matanthauzo.

Mawuwa ali ndi anansi ake amene ophunzira amawasokoneza nawo kawirikawiri. Mbale ndi mapoto zikagundana kapena kugwa pa simenti, phokoso lake lalikulu ndi losokosera ndi "clatter". Makiyi kapena timabelu tikalira mokokera pang'ono, Mngerezi amati "jingle". Masamba ouma ndi mapepala amachita "rustle", pamene bingu lakutali kapena mimba ya munthu wanjala zimachita "rumble". Mawu athuwa ali pakati pa onsewa: ndi a zenera losakhomereka bwino likamagwedera ndi mphepo, a makobidi awiri m'chitini, a nandolo wouma m'makoko ake, a mano a munthu amene akunjenjemera ndi malungo.

Mneniyu anayamba kuoneka m'zolembedwa za ku England cha m'ma 1300, m'nyengo ya Chingerezi chapakati, chimene chinkayankhulidwa kuyambira cha m'ma 1100 kufikira cha m'ma 1500, ndipo nthawi imeneyo ankalembedwa kuti "ratelen". Kamphatikira kakumapeto kakuti "-en" kankagwira ntchito yofanana ndi "ku-" wathu wa mu "kugwedera", kusiyana kwake n'kwakuti wathu amakhala koyambirira. M'kupita kwa nthawi Chingerezi chinataya kamphatikirako pa aneni ake onse, n'kutsala ndi tsinde lokha. Chidatchi sichinakataye, moti mpaka lero munthu wa ku Netherlands amati "ratelen" pofuna kunena phokoso lomweli, ndipo Mjeremani amati "rasseln". Wina angafunse chifukwa chake Chijeremani chili ndi "ss" pamene zinazo zili ndi "t". Yankho lake ndi limodzi mwa malamulo odziwika bwino m'mbiri ya ziyankhulozi: zaka zoposa 1,000 zapitazo, anthu a kummwera kwa dera loyankhula Chijeremani anasintha katchulidwe ka "t" wa pakati pa mawu n'kukhala ngati "s". N'chifukwa chake madzi ndi "water" m'Chingerezi koma "Wasser" m'Chijeremani, ketulo ndi "kettle" uku koma "Kessel" uko, ndipo chomera china choyabwa ndi "nettle" ndi "Nessel". Mawu athu amalowa mumzere womwewo popanda kuwakakamiza, zimene zikusonyeza kuti atatuwa, a Chingerezi, a Chidatchi ndi a Chijeremani, ndi a banja limodzi.

Akatswiri a mbiri ya mawu amatchula njira ziwiri zimene mneniyu akanatha kufikira m'Chingerezi. Yoyamba ndi ya malonda. M'zaka za m'ma 1200 ndi 1300 chuma cha England chinkadalira ubweya wa nkhosa, umene unkawolotsedwa nyanja kupita kwa owomba nsalu a ku Flanders, dera la anthu oyankhula Chidatchi limene lero lili m'dziko la Belgium, m'mizinda monga Bruges, Ghent ndi Ypres, ndipo m'zaka za m'ma 1330 mfumu Edward III inaitana ena mwa owomba nsaluwo kuti adzakhale ku England. Kumene amalonda, amalinyero ndi amisiri akumana tsiku ndi tsiku, mawu nawo amawoloka, ndipo Chingerezi chinabwereka mawu ambiri a Chidatchi m'njira imeneyi. Njira yachiwiri ndi yakuti mawuwa analipo kale m'kamwa mwa Angerezi, kungoti palibe amene anawalemba monga mneni. Umboni wake ndi dzina la chomera. M'mindandanda ya mawu ya Chingerezi chakale kwambiri, cha chaka cha 1066 chisanafike, mumapezeka mayina akuti "hratele" ndi "hrætelwyrt", ndipo gawo lakuti "wyrt" linkatanthauza chomera kapena zitsamba. Lembo "h" loyambiriralo lisakudodometseni, chifukwa mawu ambiri akale ankayamba ndi "hr" ndipo pambuyo pake anataya "h": mphete inali "hring" isanakhale "ring", denga linali "hrof" lisanakhale "roof". Ine ndimaona kuti umboni wa chomerawu ndi wolemera, pakuti anthu sangatche chomera dzina la phokoso ngati mawu a phokosolo sakuwadziwa, ndipo n'zomveka kuti amonke amene ankalemba mabuku nthawi imeneyo, omwe ambiri anali a chipembedzo, malamulo ndi mankhwala, anali ndi chifukwa cholembera dzina la chomera kusiyana ndi mawu a kugwedera kwa chitseko. Njira ziwirizi sizitsutsana kwenikweni, popeza mawu a alendo akanatha kulimbikitsa mawu amene eni dziko anali nawo kale. Chimene ambiri amavomerezana n'chakuti muzu wake weniweni ndi kutsanzira phokoso: lilime likamatchula "rat-t-t" limachita chomwecho chimene timitengo ta machesi tija timachita.

Pa zaka zimene ndikutchulazi pali chenjezo limodzi loyenera kuwauza ophunzira. Mtanthauziramawu wamkulu wa mbiri ya Chingerezi, Oxford English Dictionary, amene anayamba kutuluka m'zigawo mu 1884 n'kumalizidwa mu 1928, amapereka chaka cha cholembedwa chakale kwambiri chimene chapezeka chili ndi mawuwo. Chaka chimenecho chimatiuza pamene mawu anagwidwa ndi cholembera, ndipo nthawi zambiri anthu amakhala atawayankhula kwa zaka zambiri zisanatero.

Wophunzira wanu wa khoswe uja musamunyoze, chifukwa waganiza monga momwe wofufuza amaganizira: waona tsinde, waona kamphatikira, ndipo wafuna kuzilumikiza. Ndipo n'zoona kuti "-le" nthawi zina amamatidwa ku dzina, monga mu "handle", chogwirira, kuchokera ku "hand", dzanja, ndi mu "thimble", kachitsulo kamene telala amavala kuchala posoka, kuchokera ku "thumb", chala chachikulu. Koma pano mbiri ikumutsutsa. Khoswe m'Chingerezi chakale anali "ræt", wopanda "h" amene ali m'dzina la chomera chija, ndipo m'Chijeremani khoswe ndi "Ratte" pamene phokoso ndi "rasseln", mawu awiri amene anayenda njira zosiyana. Palibenso cholembedwa chakale chimene chimagwirizanitsa mneniyu ndi makoswe. Kufananaku kunangochitika, monga mmene "mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa katundu pamsika zimalembedwera chimodzimodzi.

Ntchito yeniyeni ya "-le" m'mawu athuwa ndi imene ndikufuna tichedwepo, chifukwa ndi imene ingawatsegulire ophunzira anu mawu ena makumi angapo nthawi imodzi, komanso chifukwa woyankhula Chichewa ali ndi mwayi woimvetsa msanga kuposa mwana wa ku London. M'Chichewa tikafuna kusonyeza kuti ntchito ikuchitika kambirimbiri timabwereza tsinde: kuyenda kumakhala kuyendayenda, kufunsa kumakhala kufunsafunsa, kudumpha kumakhala kudumphadumpha. Chingerezi chakale chinalibe chizolowezi chobwereza tsinde, koma chinali ndi timphatikira tiwiri togwira ntchito yomweyo, "-le" ndi "-er". Chinthu chikathetheka kamodzi ndi "crack", koma nkhuni zouma zikamathetheka pamoto ndi "crackle". Kamoto kamodzi kothetheka ndi "spark", koma chinthu chonyezimira mosalekeza chimachita "sparkle". Kununkhiza kamodzi ndi "sniff", koma mwana wachimfine amene akukokakoka mamina amachita "sniffle". Kumbali ya "-er" kuli "chatter", "clatter", "flutter", "mutter" ndi "stutter", onse onena za kaphokoso kapena kayendedwe kobwerezabwereza, kuyambira kukupiza kwa mapiko a mbalame mpaka chibwibwi. Choncho "rattle" ndi mvekero wa kugunda kumodzi umene wavekedwa kamphatikira ka kubwereza. Ifenso timapanga aneni kuchokera ku mivekero m'njira yofanana: kuchokera ku "gwede" timapeza kugwedera ndi kugwedeza, kuchokera ku "go" timapeza kugogoda, kuchokera ku "gubudu" timapeza kugubuduza. Mukawafotokozera kuti "rattle" ndi "gwedegwede" amene wasanduka mneni, mudzakhala mwanena zoona ndithu pa kapangidwe ka mawuwa, ngakhale kuti ziyankhulo ziwirizi si zapachibale.

Kuchokera pa phokoso lenilenilo, tanthauzo loyamba kuphuka linali la kayankhulidwe, ndipo linaphuka msanga, zaka za m'ma 1300 zisanathe. Munthu woyankhula mwaliwiro amatulutsa maphatikizo aafupi motsatizana ngati nyemba zogwera m'lichero, ndiye Angerezi anayamba kumunena ndi mneni yemweyu. Lero tanthauzoli limasintha malinga ndi kamawu kotsatira. Mtsikana wanu amene "rattled off the answers" analakatula mayankho mwaliwiro, osaima n'kuganiza, chifukwa anali atawaloweza, ndipo kawirikawiri mawuwa amanenedwa moyamikira. Koma munthu amene "rattles on" ndi wolongolola, amene akungoyankhula osalekeza pa zinthu zopanda pake, ndipo womvera watopa naye. Amene "rattles through" ntchito kapena mndandanda akuithamangitsa kuti ithe msanga. M'zaka za m'ma 1700 ndi 1800 munthu wolongolola ankatchedwa "a rattle", dzina limene lero silimveka kwenikweni kupatula m'mabuku a nthawi imeneyo. Pano ndionjezepo za mnansi wake "patter", chifukwa funso lanu lakuti mawu ndi amodzi kapena angapo limayankhidwa mosiyana pa iyeyu. "Patter" wa mvula yowaza padenga anachokera ku "pat", kugunda mopepuka, ndi kamphatikira ka kubwereza kaja, koma "patter" wa kuyankhula mwaliwiro kwa wamalonda wokopa ogula anachokera ku "Pater noster", mawu oyambirira a pemphero la Atate Wathu m'Chilatini, limene anthu ankalinena mothamanga osalimvetsa. Amenewo ndiwo mawu awiri ofanana kalembedwe chabe, ndipo mungawagwiritse ntchito posonyeza ophunzira kuti kukayikira kwawo kunali ndi maziko.

Tanthauzo la kuyenda linabwera cha m'ma 1500. Ngolo za nthawi imeneyo zinali ndi mawilo a matabwa okutidwa ndi chitsulo, ndipo misewu ya m'mizinda inali yoyalidwa miyala, kotero ngolo yothamanga inkamveka patali. Mpaka lero sitima yapamtunda kapena lole yakale imanenedwa kuti "rattles along", ndipo chiphapha cha galimoto chimene chilichonse chikugwedera chimatchedwa "rattletrap". Mawu ena amene ndimawakonda kwambiri m'gululi ndi "rattle around", amene amanena za munthu wokhala m'nyumba yomukulira, monga mayi wachikulire amene ana onse anachoka n'kutsala yekha m'nyumba ya zipinda zambiri. Palibe phokoso lililonse limene likumveka pamenepo, koma chithunzi cha kamtengo kamodzi m'bokosi lalikulu chilipo chonse.

Goloboyi wanu uja ali m'tanthauzo laling'ono msinkhu, limene linayamba kuoneka m'zolembedwa cha m'ma 1860. Munthu amene ali "rattled" wagwedezeka m'kati, zimene zinali zokhazikika m'mutu mwake zamasuka n'kuyamba kugundana. Ophunzira asawamasulire kuti wakwiya, ndiponso asati wachita mantha aakulu, pakuti mawuwa akunena za kutha kwa kudekha. Goloboyi amene wagoletsedwa chigoli chosayembekezeka n'kuyamba kuphonya mipira yosavuta, mboni imene loya waifunsa funso lobaya n'kuyamba kudzitsutsa, wandale amene mtolankhani wamupanikiza n'kuyamba kuchita chibwibwi, onsewa ali "rattled". Mawu a Chichewa oyandikira kwambiri ndi kutekeseka, ndipo munthu amene Mngerezi akuti palibe chimene chingamuchite "rattle" ife timati ndi wosatekeseka. Pali mawu enanso okuluwika akuti "rattle someone's cage", ochokera ku chithunzi cha munthu amene akugwedeza zitsulo za khola la chilombo mpaka chilombocho chitalusa, ndipo amatanthauza kuputa munthu dala.

Monga dzina la chinthu, "rattle" linayamba kulembedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1500 ponena choseweretsa cha khanda, chinthu chobowoka chokhala ndi timiyala, njere kapena timabelu m'kati. M'mabanja olemera a ku England a m'zaka za m'ma 1700 ankasula zoseweretsazi ndi siliva, n'kuikako kachidutswa kosalala ka "coral", mwala wofiira wa m'nyanja, kuti mwana azilumako mano akamamera. Dzina lomweli ndi limene Mngerezi amapereka ku zipangizo zoimbira zogwedeza, kotero maseche, chisekese ndi chitsukulumwe zonse m'Chingerezi ndi mitundu ya "rattle".

Pali chipangizo china chotchedwa dzina lomweli chimene mbiri yake ndi yaitali ndipo chimafotokoza ziganizo zina zimene ophunzira angazipeze m'mabuku a ku Britain. Chinali chathabwa, chokhala ndi chogwirira chimene pamwamba pake panali kawilo ka mano, ndipo munthu akachizunguza m'mwamba, kathabwa kopyapyala kankagunda pa manowo n'kutulutsa phokoso lalikulu logonthetsa m'khutu. Alonda ausiku a ku London ankayenda nacho poitanira anzawo kukachitika moto kapena umbava, ndipo pamene Robert Peel anakhazikitsa apolisi a mzindawo, a Metropolitan Police, mu 1829, apolisiwo anatengera chipangizochi. Anachigwiritsa ntchito zaka zoposa 50, kufikira mu 1884 pamene anayamba kugwiritsa ntchito wezulo wopangidwa ndi Joseph Hudson, mmisiri wa ku Birmingham, chifukwa wezuloyo ankamveka patali kwambiri, anali wopepuka, ndipo wapolisi ankatha kumuliza manja ake onse ali omasuka. Chipangizo chathabwacho chinabwereranso pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse monga chochenjezera anthu za mpweya wakupha, ndipo chifukwa chake n'chomveka: munthu amene wavala chophimba kumaso chodzitetezera ku mpweyawo sangathe kuliza wezulo. Nkhondo zitatha, zambiri mwa zipangizozi zinapezeka m'manja mwa ochemerera mpira, amene ankazipaka utoto wa matimu awo, mpaka zinazimiririka m'mabwalo cha m'ma 1970. Akhristu a mpingo wa Katolika ena angachizindikire, chifukwa m'matchalitchi ambiri chipangizo chathabwa cha mtundu umenewu chimalira m'malo mwa belu kuyambira Lachinayi Loyera kufikira usiku wa Pasaka, ndipo dzina lake la Chilatini ndi "crotalus", lochokera ku mawu a Chigiriki akuti "krotalon".

Dzina la Chigiriki limeneli ndi lomwe Carl Linnaeus, katswiri wa zomera ndi nyama wa ku Sweden, anapereka mu 1758 ku mtundu wa njoka zimene Angerezi amazitcha "rattlesnake". Njokazi zimapezeka ku America kokha, kuyambira kummwera kwa Canada mpaka ku Argentina, kotero Angerezi sankazidziwa kufikira atayamba kukhala kumeneko, monga ku Jamestown mu 1607, ndipo dzinalo linalowa m'zolembedwa patangopita zaka zochepa. Anthu ambiri amaganiza kuti kumchira kwa njokayi kuli timiyala kapena njere, koma mulibe kanthu. Kuli tizigawo tobowoka, topangidwa ndi chinthu chomwecho chimene chimapanga zikhadabo zathu, ndipo tizigawoto timalowana mogwedera, kena m'kati mwa kanzake. Njoka ikagwedeza mchira, kumene imachita maulendo makumi angapo pa sekondi imodzi, tizigawoto timagundana. Nthawi iliyonse imene yafundula imawonjezera kachigawo kamodzi, koma popeza imatha kufundula kangapo pachaka ndipo tizigawo takumapeto timathothoka, chiwerengero chake sichisonyeza zaka za njokayo monga ena amanenera.

Chomera chija cha m'Chingerezi chakale akatswiri ambiri amachigwirizanitsa ndi chimene lero chimatchedwa "yellow rattle", kapena Rhinanthus minor m'dzina la sayansi. Chimamera m'madambo a msipu ku Britain ndi ku Ulaya, chili ndi maluwa achikasu, ndipo mizu yake imayamwa chakudya ku mizu ya udzu woyandikana nacho. Njere zake zikakhwima m'nyengo yotentha ya kumeneko zimamasuka m'timakoko touma n'kumalira mphepo ikawomba, ndipo alimi akale ankatenga kulirako ngati chizindikiro chakuti nthawi yomweta udzu wosungira ziweto yakwana. Kuno kwathu chofanana nacho m'dzina ndi gulu la zomera za Crotalaria, m'mene muli zumba amene ena amadya ngati ndiwo. Angerezi amazitcha "rattlepod" chifukwa njere zake zimalira m'makoko zikauma, ndipo dzina la sayansilo lachokera ku "krotalon" yemwe uja.

Tanthauzo lina ndi lofunika kulifotokoza mwaulemu, chifukwa ena mwa ophunzira anu analimvapo ndi makutu awo pafupi ndi mphasa ya wodwala. "Death rattle" ndi kapumidwe kaphokoso ka munthu amene akutsirizika, ndipo tanthauzoli linalembedwa kuyambira m'zaka za m'ma 1700. Limachitika chifukwa munthu wafooka kwambiri moti sangathenso kumeza malovu kapena kutsokomola makhololo, kotero mpweya umadutsa m'timadzi timene tasonkhana kukhosi. Anamwino osamalira odwala otere amafotokoza kuti phokosolo limasautsa kwambiri achibale omvera kusiyana ndi wodwalayo, amene nthawi zambiri amakhala atakomoka kale, ndipo kumutembenuzira cham'mbali kumathandiza kulichepetsa. Atolankhani amabwereka mawuwa ponena za kampani kapena boma limene latsala pang'ono kugwa.

"Sabre-rattling" ya m'nyuzipepala ija ndi chithunzi cha msilikali wa pa hatchi. "Sabre" ndi lupanga lopindika limene akuluakulu a asilikali a ku Ulaya ankamangirira m'chiuno, m'chimake chachitsulo. Msilikali akaligwedeza lili m'chimake momwemo, linkalira mokwanira kukumbutsa aliyense kuti lupanga lilipo, koma osalisolola. Tanthauzo lake ndi limenelo: kuonetsa mphamvu za nkhondo pofuna kuopseza, monga kusonkhanitsa asilikali kumalire kapena kuyesa mizinga, nkhondo yeniyeniyo isanayambe. Wolemba amene wasankha mawuwa kawirikawiri akusonyeza kuti sakukhulupirira kuti lupangalo lisololedwa, ndipo wophunzira wowerenga nkhani za mayiko ayenera kumva kamvekedwe kameneko. Ajeremani ali ndi mawu ofanana ndendende, "Säbelrasseln", momwe mukuona "rasseln" uja. Mudzamva ena akunena kuti mawuwa anayambira ku Chile, ndipo nkhani imene amaitchulayo inachitikadi: mu September 1924, pa ulamuliro wa Arturo Alessandri, gulu la asilikali achinyamata linalowa m'nyumba ya malamulo ku Santiago posonyeza kusakondwa kuti aphungu akukambirana za malipiro awo pamene malipiro a asilikali anali otsika, ndipo atauzidwa kuti atuluke analiza malupanga awo pansi. Anthu a ku Chile amaitcha nkhaniyi "ruido de sables", phokoso la malupanga. Koma mawu a Chingerezi anali atalembedwa kale chaka chimenecho chisanafike, kotero nkhani ya ku Santiago ndi chitsanzo chabwino cha mawuwa osati chiyambi chake.

Chotsala ndi katchulidwe, ndipo apa ophunzira athu ali ndi vuto lawolawo. Malembo awiri "tt" sakutanthauza kuti "t" atchulidwe kawiri, akungosonyeza kuti "a" woyambirirayo ndi wamfupi, wofanana ndi wa mu "cat". Kumapeto, "e" satchulidwa, ndipo lilime limachoka pa "t" n'kupita pa "l" popanda lembo la liwu lomveka pakati, zimene zimativuta ife ozolowera kuti phatikizo lililonse lithere ndi lembo la liwu, n'chifukwa chake mumamva ana akuti "rato". Munthu wa ku America amafewetsa "t" ameneyu mpaka kumveka ngati "d", pamene anthu ambiri a ku London amamumeza kukhosi, ndipo katchulidwe konseko n'kovomerezeka kwa eni ake. Vuto lalikulu ndi la "r" ndi "l". M'Chichewa malembo awiriwa sasiyanitsa tanthauzo, koma m'Chingerezi amasiyanitsa, ndipo mawu athuwa ali ndi onse awiri, wina koyambirira wina kumapeto. Wophunzira akawasinthanitsa amatulutsa mawu omveka ngati "latter", amene amatanthauza chachiwiri mwa zinthu ziwiri zotchulidwa. Ndikupemphani kuti mulembe "rattle", "latter", "little" ndi "litter" pa bolodi, muwatchule mosakaniza ophunzira akuloza amene amva, kenako iwo atchule inu mukuloza, ndipo muwakumbutse kuti pa "l" nsonga ya lilime imakhudza nkhama kuseri kwa mano a m'mwamba, pamene pa "r" wa Chingerezi imapindikira m'mbuyo pang'ono osakhudza paliponse.